Mtsuko Wanga Sukudikha

Lolemba, 7 Novembala 1994, kwa Dzoole
Mjigo wafa. Tikutunga m'dambo, madzi ofiira ngati thobwa. Anzanga akasiya mu mtsuko, kukacha matope ali pansi, pamwamba mbee. Wanga ayi. Mbuu tsiku lonse. Chikhalirecho ndine ndimatsuka kuposa onse. Kusikelo anatiuza kuti kolera ali pafupi, tizitsuka ziwiya ndi sopo. Ndimapaka waufa uja mpaka thovu. Solomoni wanga sanakwane ndi zaka ziwiri zomwe. Mantha.

Lachinayi, 10 Novembala
Apongozi atsegula m'mimba. Madzi anga awakana. Akumwa a mlamu wanga Rebeka. Ati, “Zamatsengazi zafika ndi mu mtsuko momwe, matope akukana kukhala pansi.” Onse anaseka. Kenaka anandiyang'ana, osasekanso.
Bambo a Solomoni ali zii ku esiteti ku Kasungu. Ndili ndekha pa chitengwa pano. Wondiyankhulira palibe.

Loweruka, 12 Novembala
Ndatsukanso mtsuko, sopo wambiri kuposa kale. Mwina ndi litsiro langa. Madzi mbuu chomwecho, mwinanso kuposa.
Kudambo azimayi anasiya nkhani nditafika. Rebeka sanabise: “Alamu, kwanu ku Ntchisi mumathiramo chiyani m'madzi?” Anafunsa akumwetulira.
Akandichotsa ndilowera kuti? Mayi anamwalira, munda wawo analima ena. Kuno mizere ndapanga kale, ikungodikira mvula. Kumapiri kuja ine ndi mwana tikadya miyala?

Lachitatu, 16 Novembala
Ndinapita kusikelo, mwana kumbuyo. Ndafunsa a Lester azaumoyo, mwamanyazi. Anagwira pakamwa. Ati iwo ankanena ndowa ndi makapu, osati mtsuko. Mtsuko umamwa sopo, n'kumamutulutsa pang'onopang'ono m'madzi. Ati matope ndi tizidutswa tating'onoting'ono. Patokha timagwirana, n'kulemera, n'kumira. Koma sopo amatikuta kalikonse pakokha, ndiye timangokankhana, osagwirana, n'kumangoyandama. N'chifukwa chake pochapa litsiro limatsala m'madzi, silibwereranso pa nsalu.
Ndiye kuti ukhondo wangawu ndiwo wandipachika.
Ndinawapempha adzanene okha kwathu. Ati njinga yawo yathyoka, mwina mwezi wamawa. Mwezi wamawa!

Lachinayi, 17 Novembala
Ndawafotokozera apongozi. Anatembenukira kukhoma. “Sopo amayeretsa, sadetsa. Ukanamize ana.” Kunena zoona nanenso ndikanamva kwa wina sindikanakhulupirira.
Ndaganiza zowaonetsa ndi maso. Mabotolo awiri, madzi amodzimodzi a m'dambo. Limodzi lokhalokha, linalo kasopo pang'ono. Akhale mpaka mawa, adzaone okha.

Lachisanu, 18 Novembala
Mulungu wanga. Dzulo ndinachitira kuseri kwa nkhokwe, kuopa kusekedwa. Rebeka anandipeza nditagwada, ndikuwaza kaufa koyera m'botolo. Anakuwa mudzi wonse. Ndinati nunkhizani, ndi sopo! Palibe anafuna kuyandikira.
Mabotolo atsekera m'nyumba mwa apongozi ngati umboni. Atuma munthu ku Ntchisi kukaitana atsibweni, ankhoswe anga.
Solomoni akumusunga kwa Rebeka masana. Akulira, ndikumumva, khoma limodzi lokha.

Loweruka, 19 Novembala
Ndasuzumira pazenera la apongozi iwo ali kuchimbudzi. Mabotolo ali pansi pa tebulo, sanawagwire. Lopanda sopo layera, matope onse pansi. Lasopo likadali mbuu. Ndendende mmene ananenera a Lester!  Koyamba sabata ino ndadya.
Angowanyamula bwino mawa. Basi. Aliyense ali ndi maso.

Lamulungu, 20 Novembala
Atsibweni afika titaweruka kutchalitchi, fumbi mpaka m'maondo. Tinakhala pakhonde la apongozi, anthu atadzaza pabwalo. Ndinapempha kuti tonse tilowe tikaone mabotolo pomwe alipo. Atsibweni ati apongozi akudwala, gulu lisawalowere m'nyumba, Rebeka akatenge.
Anatuluka nawo m'manja, akuwakhutchumula m'mwamba kuti akumbuyo aone. “Si awa mankhwala ake!”
Onse awiri ofiira. Chimodzimodzi.
Ndinagwada. Ndinati tiwasiye mpaka mawa, adikhenso. Atsibweni anayang'ana dzuwa. Ati matola a ku Mponela sadikira matope, ndikamange katundu.
Ndili m'nyumba. Ndati ndikufuna nsalu ya mwana. Kunja kwayamba mabingu, mbali ya kumunda kwanga. Atsibweni akundiitananso