Batani Lofiira la M'basi

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira ukudzuka bwino pamodzi ndi amayi. Bondo lawo lija likuwavutabe? Ine kuno ndili moyo. Zoti ndili bwino sindinena, kunama ndinatopa nako.

Kalatayi usawawerengere amayi. Iwo akudziwa kuti achimwene akundisamala kunja kuno, zikhale choncho. Zoona zake n'zakuti miyezi isanu ndi iwiri tsopano ndikuchapa, kusita ndi kulera ana a alamu. Dziko lino ndimalionera pawindo la galimoto yawo ngati nkhuku yopita kumsika. Ndikati ndiyende ndekha, alamu amati ndisochera, mabasi a kuno si a anthu obwera dzulo. Achimwene amangoseka, amvekere Pulofesa asavutike. Dzinalo anandipatsa chaka chomwe ndinasiya yunivesite kukadwazika abambo, iwo akumaliza digiri yawo mwamtendere. Zofunda za abambo ndinkachapa ndine, koma pachithunzi cha pabalaza ovala mkanjo ndi iwo.

Mwezi watha ndinaona pafoni kuti sitolo ina ya mankhwala ikufuna munthu wosanja katundu. Ndinalemba kalata mwakabisira, ndipo anandiitana Lachinayi 10 koloko m'mawa. Ntchito imeneyo ndiyo inali khomo langa lotulukira m'nyumba muno.

Ndinakonzekera ngati mayeso. Masabata awiri ndinkaima pawindo la kukhitchini kulemba m'kope nthawi ya basi nambala 14. Masiteji onse khumi ndi imodzi ndinawaloweza pamtima. Khadi lokwerera ndinalitenga m'dilowa ya alamu, momwe linkangochita fumbi.

Tsikulo ndinaperekeza ana kusukulu, ndinavala bulauzi yoyera unandipatsa ija, n'kukwera. Iwe, basi yake mulibe kondakitala! Palibe woitanira, palibe wofunsa kuti mutsika pati. Anthu ali duu ngati pamaliro a mfiti. Ndinagunditsa khadi pakamakina monga anachitira anzanga, kanalira, ndinakhala pansi ndikudzitama mumtima.

Pamzati pafupi nane panali batani lofiira. Ndinaliona ndithu. Ndinati chofiira n'cha ngozi, ukachidina apolisi akutola. Basi inkaima pasiteji iliyonse, ine n'kumati ndiwo mwambo wake, osadziwa kuti anzanga ndi amene ankadina. Mayi wina wandodo anandimwetulira, kapena ankafuna kundithandiza. Ndinayang'ana kumbali. Ine wazaka zitatu za sayansi ndifunse katsikidwe ka basi?

Tinayandikira siteji yanga. Sitolo ndinaiona ndi maso angawa, chikwangwani chobiriwira, chitseko chotsegula. Ndinaimirira pakhomo n'kunena mwaulemu kuti nditsika pano, monga timachitira kwathu. Dalaivala ali m'kachipinda kake kagalasi sanacheuke n'komwe. Basi inadutsa, inakwera mlatho, inalowa msewu waukulu wopanda siteji. Mphindi makumi awiri ndili chiimire, nditagwira mzati womwewo wa batani.

Kumapeto kwa ulendo dalaivalayo, mzimayi wojintcha, anatuluka n'kundipeza ndidakali pamzati paja. Anagwira chala changa ngati cha mwana wa sitandade wani, n'kuchidinitsa batani lija. Belu linalira m'basi yopanda anthu. Manyazi amenewo sindidzawaiwala.

Kusitolo ndinafika nditachedwa ndi ola lathunthu. Mwini wake anandiuza mosakweza mawu kuti malo apatsa kale wina, munthu wosunga nthawi.

Mwana wamng'ono wa alamu amaweruka 12 koloko. Anandidikira mpaka aphunzitsi anaimbira alamu kuntchito, zonse n'kuululika. Alamu anati si izi ankanena zija, khadi n'kuliponya m'chikwama chawo, ati kunditeteza. Achimwene anati wolephera kutsika basi ndi yemweyo wolephera kumaliza sukulu. Ndinawayankha kuti sukulu ndinaisiya ndikuona, chifukwa wina anafunika kutembenuza abambo pamphasa pamene iwo ankayesa mkanjo. Chiyambire tsikulo timangodutsana ngati alendo.

Tsono pempho langa ndi ili. M'sutikesi ya amayi, pansi pa nsalu zawo, muli envelopu yakhaki ya zotsatira zanga za zaka zitatu zija. Uitumize ku adiresi ndalemba kuseriku, osati kunyumba kuno, alamu amatsegula makalata. Adiresiyo ndi ya mayi dalaivala uja. Ndakumana naye kawiri pasiteji. Akuti mchemwali wake amagwira ku labotale ya chipatala, ndipo kukufunika wotsuka mabotolo. Zaka zitatu za sayansi kukathera pa mabotolo, seka ngati ukufuna, koma mabotolo sadzanditcha Pulofesa. Kumeneko n'kwa mabasi awiri, kusinthira patsidya pa mlatho uja. Khadi langalanga ndili nalo, limagona m'nsapato.

Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti ndanenepa. Moni kwa amalume ndi azakhali. Mulungu akusunge, mng'ono wanga. Ukamandipempherera usapemphe kuti ndifatse. Pempha kuti envelopu ifike mwezi uno usanathe. Zotsalazo ndichita ndekha, batani ndikulidziwa.

Ndine mkulu wako,
amene achimwene ako amamutcha Pulofesa