Dothi la pa Gwafa

Kanyama, Lusaka
19 Okutobala 2025

Achemwali anga a Elesi,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko ku Mchinji? Mawondo aja akukulolani kufika kutchalitchi? Ndinamva kuti diso lamanzere layamba kuchita chifunga. Nanga ana ndi adzukulu akudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Mwana wanga Mathews ali bwino, mkazi wake Luse ali bwino, ana awo akupita kusukulu. Ine msana ndi womwe uja. Kukutentha kwambiri ndipo mvula sinagwe.

Mudabwa kulandira kalata kuchokera kwa ine. Sindinafune kuimba foni chifukwa foni ya kwanuko ndi ya mkamwini wanu, ndipo amaikweza mawu kuti nyumba yonse izimva. Kalatayi ndapatsira mai Tiza a kutchalitchi kwathu, amene amabwera kumeneko kudzagula mtedza. Ngati maso akukanika, akuwerengereni iwowo. Ndi munthu wamkulu, sayenda ndi nkhani. Abwerera kuno Lachinayi, ndipo ndikufuna abwere ndi yankho.

Nkhani yake ndi ya dzenje.

Mathews anaganiza zomanga zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa nyumba, zokhala ndi chimbudzi cha madzi. Chimbudzi chotero chimafuna dzenje lalikulu la thanki. Inu mukudziwa kuti ine ndadya za piki ndi fosholo moyo wanga wonse. Zitsime ndi zimbudzi zimene ndakumba mu Kanyama muno sindingaziwerenge. Ndinayesa kumuuza mwanayo zimene munthu amayamba wachita asanaitane aliyense.

Ndinati kuno dothi ndi lochepa, pansi ndi thanthwe. Umayamba watenga mgwala n'kumagogoda pabwalo ponse, kuti udziwe pamene ukulowa ndi pamene ukulira. Ndinati ufunse pamene panadutsa paipi ya madzi, ndipo dzenje litalikire chitsime cha anzako. Ndinati okumba akakutchulira mtengo, uwafunse ngati mtengowo ndi wa dothi lokha kapena ndi mwala womwe, chifukwa akangogunda mwala nkhani imayambiranso. Ufunsenso kuti dothi lotulukalo adzachotsa ndani.

Sindinamalize. Anaseka, akuti ba tate, ivo ni vakudala, ndiye kuti zachikale, masiku yano kuli mashini. Ananena zimenezi pamaso pa mkazi wake ndi pamaso pa mmisiri wake, ba Kabaso. Ba Kabaso nawo, amene amanditchula ba shikulu, ndiye kuti agogo, akuti khalani che pamthunzi, muone mwamene isebenzela, piki yanu tizaipeleka ku myuziyamu.

Tsiku limenelo ndinalumbira mumtima kuti pa ntchito imeneyi sindidzatsegulanso pakamwa. Mukundidziwa.

Mashini anabwera Lachiwiri la sabata yatha. Kuti alowe anagwetsa mpanda umene ndinamanga ndekha, chifukwa palibe amene anayeza geti. Amalipiritsa pa ola, ndipo ola limayamba kuwerengedwa akangonyamuka kwawo. Anayamba kukumba chakumadzulo, pafupi ndi khoma la aneba. Ine ndinkadziwa kuti pamenepo thanthwe lili pa bondo. Ndinakhala pampando wanga.

Anapala mwalawo mmawa wonse. Khoma la aneba linachita mng'alu. Mwini mashini akuti kuti aswe pafunika chida china, mtengo wakenso wina, ndipo sangalonjeze masiku. Ba Kabaso akuti kapena tiotche matayala pamwalapo kuti usweke monga achitira ena, Luse akuti utsi umenewo si pa ana ake. Mathews nkhope inagwa. Ndikuuzeni zoona, achemwali, ine mumtima ndinakondwa.

Kenaka ba Kabaso analowa m'kachisakasa kanga n'kutenga mgwala wanga womwe, osapempha. Anayenda nawo pabwalo ponse akugogoda. Paliponse unkalira. Atafika patsinde pa gwafa, mgwala unalowa wonse ngati m'phala. Anafuula kuti apa ndiye pamene Mulungu anatisungila.

Apa ndiyenera kubwerera kumbuyo, ku chaka cha 1977, mwezi wa Febuluwale. Inu munalipo.

Mkazi wanga Tinenenji anali ndi mimba yoyamba. Madzi anali atadzaza msewu, galimoto sizinkalowa. Matenda atayamba mmawa munabwera inu ndi azamba aja awiri. Dzuwa lili pamutu munatuluka n'kundipatsa ndalama kuti ndikagule sopo ndi nsalu yoyera kutauni. Ndinapita wapansi, madzi m'mawondo. Ndinkayesa ndikugulira mwana.

Nditabwerako ndinapeza m'nyumba mosesa, mphasa itayanikidwa, Tinenenji atagona kuyang'ana kukhoma. Munandiimitsa pakhomo. Munati Whyson, pano palibe maliro, inali nthayo, mwana wabadwa wakufa, tasamala kale. Munati ndisalire, ndingatseke mimba ya mkazi wanga. Nditafunsa kuti mwamuika kuti, munati zimenezo si za amuna. Nditafunsa ngati anali mwamuna kapena mkazi, munalandira sopo m'manja mwanga n'kulowa m'nyumba.

Masiku amenewo kuseri kwathu kunali tchire ndi miyala. Anthu atachuluka ndinamanga mpanda, tchire lija linalowa m'bwalo mwanga. Chaka chotsatira Tinenenji anabzala gwafa. Sankathirapo madzi otsukira mbale. Mwana akakodza pamenepo ankamukwapula, akuti magwafa awawa. Nditafuna kuudula kuti ndiikepo khola la nkhuku, sanandiphikire masiku awiri.

Ndinamufunsa kamodzi kokha za pamene anamuika mwana uja. Anati mufunse achemwali anu, ine ndinali chigonere. Inu munali mutabwerera kale kumudzi, ndipo ine sindikanakufunsani ngakhale mukanakhala khomo loyandikana. Pa maliro ake, zaka zitatu zapitazi, tinakhala pamphasa imodzi masiku anayi. Tinakamba za mtengo wa ufa. Ndinakuperekezani kubasi.

Koma ine ndine wokumba. Ndikudziwa kuti amayi atatu okhala ndi khasu limodzi, mvula ikugwa, sangakumbe pamwala. Anafuna pofewa. Ndipo pofewa pabwalo langa lonse ndi pamodzi pokha. Ndinazidziwa zimenezi pamene mgwala unalowa. Kapena ndinazidziwa kalekale.

Mathews anatembenuka kundiyang'ana. Ndikhulupirira ankadikira kuti ndinene kanthu za mtengo wa amayi ake. Ndikanangoti imani, akanaima. Si mwana woipa. Koma ndinali nditalumbira, ndipo mawu aja akuti vakudala anali akadali m'khutu. Ndinayang'ana kumbali.

Gwafa anazuka ndi kukoka kumodzi. Ndinkayesa atenga nthawi.

Ndinapenyetsetsa chidebe cha mashini chilichonse chikamatuluka. Loyamba linali dothi lakuda, kenaka lofiira, kenaka lotuwa la timiyala. Sindinaone kanthu. Sanathe maola awiri. Luse anandibweretsera munkoyo m'kapu, ndinamwa wonse. Ba Kabaso anandifunsa kuti ba shikulu, imwe na piki yanu sembe mwatenga myezi ingati? Ndinati itatu. Anthu anaseka, inenso ndinamva pakamwa panga pakuseka.

Ndakhala ndikudikira kuti ndimve chisoni. Sichikubwera. Ndimadya, ndimasamba, ndimayankha moni. Zili ngati dzanja limene wagonera.

Dzenje aliwaka kale ndi mabuloko. Pansi payamba kutuluka madzi, mwezi uno wa chilimwe, ndiye mvula ikabwera muone. Zimenezonso ndikanawauza. Lidzakhala thanki ya chimbudzi cha anthu a lendi amene sindikuwadziwa.

Chatsala ndi mulu wa dothi pakati pa bwalo, wotalika kuposa ine. Mathews ankayesa mashini achoka nawo. Mwini wake akuti kutaya dothi ndi ntchito ina, ya lole, ndalama zakenso zina. Ndalama zinali zitathera pamwala paja. Ndiye muluwo unakhala chifukwa mwanayo sanafunse funso limene ndinamuuza kuti afunse.

Tsopano wapezeka munthu wa lole amene autenga ulere. Amagulitsa dothi kwa anthu okwirira maenje a mumsewu ndi okweza makomo awo madzi asanabwere. Abwera Loweruka likudzali.

Dothi lotuluka poyamba ndi limene limakhala pansi pa mulu. Amayi sakumba mozama, ndiye ngati mwana wa tsiku lija alimo, ali m'dothi lakuda lija, pansi penipeni. Kuyambira Lachinayi ndikusamutsa mulu ndi wilibala. Msana umandilola mawilibala khumi ndi awiri, tsiku labwino khumi ndi asanu. Dzulo ndinafika pakuda mbali imodzi. Ndikusefa ndi sefa ya mchenga.

Ndapeza zitsekerero za mabotolo, supuni yopindika, mafupa a nkhuku ndi kandalama ka mangwee awiri. Ndikudziwa kuti mafupa a mwana wotero sakhalitsa. Ndakumba malo ambiri, ndikudziwa chimene dothi limasunga ndi chimene limadya. Sindikuyembekeza kupeza kanthu. Ndikungosefa.

Aneba amasuzumira pampanda wogumuka paja. Akuti ba shikulu ayamba mugodi, mukapeza emerodi mutikumbukeko. Luse anafunsa mwamuna wake ngati amayi anakwirira ndalama pagwafa. Mathews anabwera dzulo n'kundilanda fosholo. Akuti ba tate, ngati ni mtengo mwakalipila nizagula wina, lekani kunichititsa nsoni. Ndinamuyang'ana. Ali ndi imvi m'ndevu tsopano. Moyo wake wonse akudziwa kuti iye ndiye woyamba. Kanyama yense amanditchula atate ake a Mathews.

Ndinatenga fosholo ina.

Achemwali, ndakusungirani mkwiyo zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Ndi chifukwa chake sindinabwere pa maliro a alamu anga, amuna anu aja, si msana monga ndinanenera. Ndinkati munandibisira mwana wanga. Mwina munachita monga munaphunzitsidwira, ndipo Tinenenji anaberekadi ena asanu, mungathe kunena kuti mwambo unagwira ntchito. Sindikutsutsa. Sabata ino ndaufunafuna mkwiyowo kuti undithandize kukankha wilibala, sindikuupeza. Inu munakhala chete chifukwa cha mwambo. Ine ndinakhala chete chifukwa mwana wanga anandiseka, ndipo ndinali pampando mayadi asanu kuchokera pamtengowo.

Azamba aja anamwalira kale. Tinenenji kulibe. Mwatsala inu nokha.

Ndikupemphani zinthu ziwiri. Choyamba, panali pagwafa kapena ayi? Ngati simukukumbukira mtengo chifukwa unabzalidwa pambuyo, kumbukirani kuti mutatuluka khomo lakuseri munayenda mapazi angati, ndipo mwala waukulu wosongoka uja unali kudzanja liti. Mwalawo ulipobe.

Mukati ndi pomwepo, ndimukhazika pansi Mathews Lachisanu ndi kumuuza zonse, ngakhale za kukhala chete kwanga. Lole ikatenge lofiira ndi lotuwa. Lakuda ndiliika pakona ya mpanda, pamene sipadutsa munthu. Ndadula kale nthambi ya gwafa uja, ili m'chitini cha madzi, kaya iphuka. Sindingalole kuti maminibasi aziponda pamenepo.

Mukati si pomwepo, ndiuzeni pamene pali, chifukwa chaka chamawa akufuna kukumbanso maziko a zipinda zina. Ulendo uno ndidzaimirira.

Musandiyankhe kuti si za amuna. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri, ndipo palibenso mimba yoti itsekeke.

Chachiwiri ndi funso lija munandisiya nalo pakhomo: anali mwamuna kapena mkazi? Ndikudziwa kuti nthayo satcha dzina. Koma tsiku lija, ndikubwerera kutauni ndi sopo m'thumba, palibe anali atandiuza kanthu. Ndinasankha mayina awiri panjira. Akakhala mwamuna, Dingani. Akakhala mkazi, Chiso. Sindinauzepo munthu, ngakhale Tinenenji. Ana asanu anabwera pambuyo, sindinapatse aliyense mayina amenewa. Ndikamasefa ndimayamba kutchula limodzi, kenaka ndimaleka, poopa kuti ndikuitana molakwa.

Simufunika kulemba. Munong'onezeni mai Tiza, adzandiuza pamene palibe anthu.

Mundiperekere moni kwa ana onse, kwa mkamwini wanu, ndi kwa aliyense wotsala amene akukumbukira kuti muli ndi mlongo ku Lusaka. Ndaika mafuta opaka mawondo m'kathumba ka mai Tiza. Ambuye akusungeni, akupatseni mvula yabwino ndi maso oti muonere mbewu zanu.

Ine mlongo wanu,
Whyson,
atate ake a Dingani kapena a Chiso. Mukudziwa ndinu.