Dzino langa latsala m'dimba lanu

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Ine ndaswera, kungoti mpini uja utatera pakamwa panga ndinalavula dzino pamodzi ndi magazi, mpaka masamba a maungu anafiira mzere wonse. Pepani, ndayambira pakati.

Titakuikani m'manda ndinapita ku Mfuwe kukanyamula zikwama za alendo, mvula ziwiri. Pobwera ndinapeza msuweni wanga Lameki, mwana wa malume, atalowa m'dimba lanu la ku Lupande. Chimanga chili gwa, nsanja yothamangitsira njovu wamanga pakati penipeni. Mukudziwa kuno, womanga nsanja ndiye amaoneka mwini. Ndinatenga nkhwangwa m'mawa, iye ali pamwamba akukukuta chimanga chowotcha, ine n'kudula miyendo iwiri ya nsanjayo. Anagwa ngati thumba la thonje! Akuti adzuke, ndinam'ponda pachifuwa, ndinam'luma khutu, dzanja lake linalira thyo. Kenako anabwera amuna sikisi ndi mipini. Ndinawamwaza onse, Amayi, munabala ngwazi.

Nkhani ili kukhoti ku Jumbe Lachinayi. Mphunzitsi wina wochokera ku Kasama, amene anaphunzirako zamalamulo, anandiuza mawu a Chilatini, animus possidendi. Ndinam'pempha andilembere pachikhatho. Akuti kukhala ndi chinthu kuli pawiri: manja ochigwira, ndi mtima wonena kuti ichi n'changa, wina asapondepo. Mawuwo akunena mtimawo. Ndinadziguguda kuti mtima ndili nawo waukulu ngati wa mvuu. Iye anangondifunsa kumene kunali manja anga njovu zikamabwera. Inu munkanena zomwezo popanda Chilatini, kuti munda umadziwa phazi, sudziwa dzina.

Mkazi wanga Tisa wabereka mwana wamkazi, tam'patsa dzina lanu, ndipo amakalipa ngati inu. Thonje ku Msoro silinachite bwino. Malume sakundiyankha moni.

Ndikuopa, Amayi. Dimba lija munalilima zaka zonse ndi msana wanu, ine ndinalisiya chifukwa cha zikwama za eni. Akhoti akandibwezera, ku Mfuwe sindipondakonso, ndimanga nsanja yanga. Akapanda kundibwezera, ndikapempha Lameki ngakhale mizere itatu ya kumtsinje, mogwada, malo anu asaiwale phazi lathu. Ndalonjeza.

Za amuna sikisi zija ndanama. Anali Esinati yekha, mkazi wa Lameki, ndipo mpini unali umodzi. Musawauze atate.

Ndine wanu wokukondani,
Fakisoni