Zikhadabo za Apongozi

Lolemba, 7 Okutobala

Njombwa. Dzuwa, fumbi, anthu ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya. Zaka zinayi ku koleji, lero ntchito yanga ndi kupempha zikhadabo za eni ake. Akuluakulu a kafukufuku akuti madzi a mijigo ina kuno ali ndi mchere wotchedwa fuloraidi, womwe ukachuluka umafiiritsa mano. Thupi limausunga m'zikhadabo, makamaka cha chala chachikulu cha kuphazi. Tikawenga n'kukapima, tidziwa mjigo wovuta. Zosavuta, akutero iwo, fani ikuwapepesa mu ofesi.

Koma kuno n'kwawo kwa Sankhani. Chinkhoswe chathu Disembala. Midzi yonse ya Kasungu ilipo, ine anditumiza kwa apongozi.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndafotokoza pamjigo mpaka mawu kusasa. Onse kuvomera ndi mitu, mapazi atawabisa m'zitenje. Timatumba tanga toikamo zikhadabo tabwerera momwe tinapitira. A Lameki, atenanti a pa esiteti, akuti: "Madziwo tungani mukapime, mayi. Chikhadabo ndi munthu."

Sindikuwada. Inenso ndikawenga zanga ndimakataya m'chimbudzi, osati pabwalo. Digiri sinachotse zimenezo.

Loweruka, 12 Okutobala

Zamveka. Akuti mkazi amene Sankhani wapeza akutolera zizimba, akufuna kulemera. Kulemera, munthu woyenda pa kabaza.

Ndinapita kukaona apongozi. Andilonjera ali chilili, mphasa osayala. Mdzukulu wawo Maliya anandimwetulira. Mano ngati fodya wouma. Ndinayang'ana kumbali.

Ndamuimbira Sankhani ku Boma. "Ungopempha akusinthe mudzi." Ngati kuti ndimasankha ndine.

Lachinayi, 17 Okutobala

Palibe cholemba. Mutu, thukuta, mapazi otupa. Ankhoswe akuchimuna atumiza mawu: za Disembala tionanso. Mawu aulemu kwambiri. Amayi kwathu alira pa foni, akuti bwanji sindinangokhala mphunzitsi.

Lamulungu, 20 Okutobala

Titaweruka ku tchalitchi, apongozi anandikodola n'kupita nane kuseri kwa chigafa chawo. Ndinati basi, akukandiuza ndisiye mwana wawo. Anakhala pansi, n'kuvula nsapato. Za madzi ofiiritsa mano anazimva bwinobwino tsiku lija pamjigo, ndipo mano a Maliya amawaona tsiku ndi tsiku.

"Zanga tengani. Koma zanu mundisiyire. Mukandichita chipongwe, nanenso ndili nazo."

Tinakhala tambalale m'fumbi, azimayi awiri ovala za ku tchalitchi, chowengera chikuyenda uku ndi uku. Zawo zolimba ngati nyanga, chimodzi chinathothokera m'udzu tinachifuna tonse chokwawa. Zanga anazimanga pa ngodya ya chitenje, mfundo ziwiri. Ndinafuna kuseka. Inabwera ndi misozi.

Lolemba, 21 Okutobala

Pamjigo mzere. Apongozi auza anzawo kuti asaope, chikole chili m'manja mwawo. A Lameki nawo abweretsa phazi, akuti ndikachimwa akadandaula kwa mayi a Sankhani. Sindikudziwa ndilemba bwanji zimenezi mu lipoti. Msana ukuwawa, koma timatumba tadzaza.

Lachitatu, 23 Okutobala

Sankhani wabwera. Ankhoswe akuti Disembala ilipobe. Mphasa inayalidwa, nkhuku inafa.

Akuluakulu akufunanso zikhadabo za anthu omwa madzi a m'tauni, zofanizira. Ndinamupempha Sankhani moseka, chowengera chili m'manja. Anayang'ana pansi. Nsapato, sokosi, kutentha konseku.

"Ndawenga dzulo, Feggie. Zonse."

Ndinayang'ana manja ake. Zoonadi. Mpaka pa mnofu, chala china chili ndi kabala. Munthu anakhala pansi dzulo, n'kudzikonzekeretsa kukumana ndi ine.

Mayi ake anandiopa, koma anandiuza pamaso, n'kuvula nsapato.

Diresi la chinkhoswe lili kwa telala. Ndimati ndikaliyese Loweruka. Ndimati...