Chimera cha Apongozi pa Sola

Amake Favour,

Pepani, ndachoka muli kudimba. Ndathamangira ku Nchalo kukagula waya wa chifani chathu chopanga magetsi chija. Dzulo chinazungulira bwino ndi mwera, mapiko ake a paipi aja sanathothoke.

Koma pakhomo pano pagwa nkhani. Sola ija ndinaigoneka pathandala kuti batire liyambe kudzaza. Pobwera kosamba ndapeza mayi anu ayanikapo chimera, galasi lonse lakwiririka! Ndawamva akuuza anzawo aja a Evelesi kuti mkamwini wawagulira choyanikira chabwino, chotentha msanga.

Nanga ine ndiyambire pati? Mkamwini kukaima pamaso pa apongozi n'kuwauza kuti chotsani? Ndakhosomola kawiri kuseri kwa nkhokwe, sanacheuke n'komwe. Ndangozemba.

Chonde auzeni ndinu dzuwa lisanapendeke, apo ayi babu lathu loyamba lija siliyaka lero, pomwe anthu ndawaitana kale kuti adzaone. Muwayalire mphasa yatsopano ija asamutsirepo. Koma mulankhule mofatsa, musawakhumudwitse. Magetsi ndikuwafuna ndithu, koma thobwalo likapsa asadzandimane.

Ndine wanu,
Tomasi