Chithunzi cha Amayi Chili Pakhoma la Zikutheka

Chirimba, Blantyre

Achemwali a Stelia,

Ndiye mayi wina atangondizindikira anataya dengu la tomato n'kukuwa kuti Zikutheka uja ndi uyu! Msika wonse wa Limbe unaima. Anthu mazana atatu, achemwali, ena ndi miyala ena ndi mizimbe, onse pambuyo panga. Ine ndinalumpha mabenchi anayi ndi njinga yamoto imodzi, mwini wake ali chikhalire pompo.

Aa, taonani mwano wanga, ndayamba nkhani osapereka moni. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, nanga ana? Miyendo ya amayi ija ikutupabe? Ine kuno ndili bwino, ndanenepa moti malaya a pa ukwati wanu aja akundikana.

Paja munkandiseka kuti Binwell wa Sitandade 6 adzakalambira pa geti ya anthu. Nanga lero amene mukumuonera Lamlungu lililonse pa TV ya kugolosale ya a Davie ndi ndani? Ulonda ndikugwirabe, koma m'seweromo ndine bwana Zikutheka, wolemera ndi zizimba, amene ana a m'mudzi mwake akungomwalira. Inu simunathe ngakhale sewero la Khirisimasi kutchalitchi, munaiwala mawu muli mngelo.

Anthu kuno apenga nane. Pa Fesibuku ena akulemba kuti ndimangidwe, ena akuti akandipeza andiotcha ndi tayala. Mu minibasi dzana mayi wina anakana kukhala pafupi nane, anasankha kukhala pa injini potentha paja. Mkazi wa alandilodi akandiona amaitanira ana ake m'nyumba. M'busa wina anandigwira dzanja pa siteji ya minibasi nati ndibweze mitima ya ana ndinadyayo nthawi isanathe. Ndinamuuza kuti ndi sewero chabe, iye anati mfiti zonse zimatero. Ndinaseka mpaka misozi.

Koma masiku ano kusekako kwayamba kundiwawa m'nthiti.

Mukukumbukira chithunzi cha amayi chimene ndinatenga, atavala duku lofiira pa ukwati wanu? Tsiku lojambula, a Wyson, amene amatitsogolera pa seweroli, anati khoma la nyumba ya Zikutheka lili mbee, pakufunika chithunzi cha munthu wachikulire. Ine ndi matama angawa ndinati ndili nacho, amayi anga nawonso aoneke pa TV. Anachipachika pamwamba pa mpando wanga. Ndiponso mu gawo lachitatu, pamene ndinadziguguda pachifuwa kuti ndine mwana wa ku Ligowe ine, mawu amenewo sanali pa pepala. Ndinangowonjezera ndekha kuti anzanga kumeneko amve nsanje.

Sabata yatha anandionetsa gawo lachisanu ndi chinayi. Analijambula ine ndili ku ntchito. Sing'anga wa m'seweromo akulowa m'nyumba ya Zikutheka, akununkhiza uku ndi uku, kenaka akuloza chithunzi chija ndi litchowa nati amene akudya ana ndi nkhalamba iyi. Kamera ikuyandikira nkhope ya amayi mpaka kudzaza TV yonse, ndi chipsera cha pachibwano chija kuonekeratu.

Ndinawagwadira a Wyson kuti achotse. Anaseka nati zapita kale ku wailesi ya kanema, ndipo pamenepo ndi pamene anthu adzakomedwe. Akuti Amalawi amadziwa kusiyanitsa sewero ndi zenizeni. Iwowo anakulira m'tauni, maliro a kumudzi sanagonepo.

Inuyo munandiuza pa foni kuti mwana wa a Laimoni anamwalira mwezi watha, wachiwiri chaka chino. Kuchipatala anati ndi malungo, koma munati pa siwa anthu ankanong'onezana. Munatinso amayi akayala manachesi awo pamsewu, anthu amene ankagula kale akungodutsa, ndipo ana akawaona amafuula kuti agogo a Zikutheka. Tsiku limenelo ndinakondwa, ndinati taonani kutchuka. Lero ndikaganiza mawu amenewo sindikukondwanso. Mukudziwa zimene zimagwera nkhalamba kwathuko mphekesera ikakumana ndi maliro. Chakudza sichiimba ng'oma.

Pempho langa ndi limodzi basi. Gawo limenelo lionetsedwa Lamlungu la pa 19. Lisanafike Lachisanu, muwatenge amayi mupite nawo kwa amalume ku Chifunga. Muwauze kuti ndi za miyendo, akaonedwe ku chipatala cha kumeneko. Za chithunzi musawauze, mtima wawo mukuudziwa, akhoza kunena kuti sathawa m'nyumba imene anamanga ndi malemu abambo. Nkhuku ndi mbuzi zisiyeni kwa alamu. Duku lofiira lija asavale panjira.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanu imagona pa tchaji kwa a Davie, ndipo mauthenga anu amayamba awerengedwa ndi golosale yonse. Iyi ndapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Boma la kwathu, Mayamiko, mnzanga wakale uja. Mukawerenga muiponye pamoto.

Ine ndibwera ikatha sabata imeneyo, ndidzaime ndekha kutchalitchi ndi kuwauza anthu kuti chithunzicho ndinapereka ndine, amayi sadziwa kanthu. Ngati kuli miyala, iyambire pa mutu wangawu, ndi waukulu kale.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa adzukulu anga Atikonda ndi Prisca, muwauze kuti amalume awo sadya ana, amadya chipisi. Amayi muwauze kuti ndili bwino ndipo mafuta opaka miyendo ndagula.

Ndine mlongo wanu wotchuka,
Binwell

Ndisanamate envulopu, ndiulule. Za anthu mazana atatu ndi kulumpha njinga ndinangopeka, mukundidziwa. Ku Limbe kunali munthu mmodzi yekha, bambo wa jekete lakuda amene sindimudziwa. Sanakuwe, sanatole mwala. Anandipatsa moni mwaulemu, nandifunsa chapansipansi ngati agogo a pachithunzi aja si a Nangozo a kuseri kwa chigayo ku Ligowe, ndiponso ngati akugonabe okha m'nyumba muja. Musadikire Lachisanu, achemwali. Nyamukani mawa.