Inshuwalansi ya Apongozi

Lolemba, 2 Juni 2025
Apongozi atuluka m'chipatala lero. Masabata asanu ndi limodzi chigwereni ndi sitiroko. Mbali ya kumanja yonse yafa, pakamwa papindika. Tawagoneka m'chipinda cha mwana wathu Chiko, mdzukulu yemwe iwo anachokera ku Dedza kudzamulera kuno kunja. Mkazi wanga Vera akuti mawa aimbira a inshuwalansi kuti atitumizire wowasamalira masana. Ndangoti chabwino, maso pa foni.

Lachinayi, 5 Juni
A inshuwalansi akana. Zakuchipatala analipira, koma wosambitsa, wodyetsa, wotembenuza munthu kunyumba, akuti mulibe m'pangano lathu. Thandizo la boma atiuza kuti silifika kwa mlendo wongocheza. Vera misozi ya mkwiyo: "Tinasankha yapamwamba ija, ndinawerenga ndekha." Sakunama. Chomwe sakudziwa: mu Febuluwale ndinaitsitsa ine, kupita pa yotchipa. Galimoto yanga inafuna giyabokosi. Amayi anali athanzi, akulima kadimba ka chisoso kuseri kwa nyumba. Mphindi zisanu pa foni, nthawi ya nkhomaliro kuntchito ku Kewdale. Basi.

Lamulungu, 8 Juni
Akumpingo anabwera kudzapemphera. A Musonda, mkulu wa mpingo wathu wochokera ku Chipata: "Aba ba inshuwalansi ni bakawalala." Ndinagwedeza mutu. Ndinawonjezeranso mawu anga. Pochoka anandigwira paphewa, akuti akamwini ngati ine ndi osowa. Chakudya sichinalowe.

Lachitatu, 11 Juni
Tchuthi cha Vera chatha, wabwerera ku wodi, kuchipatala komwe amagwira ntchito ku Joondalup. Viza yathu tonse yapachikika pa ntchito yake, sangajombe. Ine ndapempha shifiti ya madzulo. Ndiye m'mawa ndine.
Cha m'ma 10 amayi anadziipitsira. Zaka zisanu ndi zinayi m'banja sindinadyepo nawo mbale imodzi. Kumudzi tikakumana pa njira ankapatuka. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, thewera m'manja. Vera sanayankhe foni. Ndinalowa. Ndi dzanja lamanzere anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso. Ine "pepani amayi, pepani amayi" mpaka kumaliza. Ndi opepuka ngati mwana. Chitenje sanachotse kufikira mwana wawo atabwera.

Loweruka, 14 Juni
M'mawa sakumwa chilichonse. Tiyi ayi, madzi ayi, milomo atseka. Vera akafika amamwa makapu awiri. Vera akuti ndi matendawa. Ine ndikudziwa chifukwa chake: sakufuna kuti ndiwasinthenso thewera, ndipo zinandipepukira. Ndalemba kuti ndidzakumbukire: zinandipepukira.

Lachisanu, 20 Juni
Masiku awiri m'chipatala, dilipi. Madzi anatha m'thupi. Dokotala anafunsa kuti m'mawa amakhala ndi ndani. Ndinakweza dzanja ngati mwana wasukulu. Kubwerera kumudzi akuti sangakwere ndege pakadali pano.
Tinafunsa mtengo wa wosamalira wolipira tokha. Maola anayi ake aposa malipiro a tsiku langa lonse pa fokolifiti yonyamula katundu.

Lolemba, 23 Juni
Vera walemba dandaulo. Usiku uliwonse sabata yatha ndi mapepala patebulo, akulemba mizere yofiira. Amuyankha kuti atumiza mbiri yonse ya pangano, chilichonse chomwe chinasinthidwa ndi tsiku lake. Wasangalala. "Tiwagwira, bambo a Chiko." Anandipsompsona pachipumi.

Lachiwiri, 24 Juni
Ndawauza amayi, ndikuwamwetsa phala. Zonse za inshuwalansi, ndi giyabokosi yomwe. Ndinasankha iwo chifukwa sangaulule, ndikudziwa. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatire mwana wawo. Phala linazizira m'supuni. Kenako nsagwada ikulimbana, malovu akutsika: "Mu... muuzeni." Anatsegula pakamwa kuti ndipitirize. Anamaliza mbale yonse. Madzi anamwanso, theka la kapu.

Lachitatu, 25 Juni
Sindinamuuze. Anafika atatopa, mapazi atatupa.

Lachinayi, 26 Juni
Ndaimba kuntchito kuti sindibwera. Chiko ndamusiya kwa mayi Musonda. Imelo ya a inshuwalansi ija sinafike, kapena yafika koma sanaitsegule, sindikudziwa. Ndikufuna amve kwa ine kampani isanamuuze. Mawu ndayesa m'bafa katatu, onse akutuluka ngati kudziteteza. Za giyabokosi ndisatchule n'komwe.
Amayi akana kugona masana. Andilozera kuti ndiwakhazike pa njinga yawo ya olumala pabalaza, ndiwamange duku. Ndamanga mokhota, sanadandaule. Akhala moyang'ana chitseko.
Hafu 3 yakwana, nthawi yofika Vera. Galimoto yaima panja.